Madzi a ku Kapichira asanafike m'minda, tiyambe taika malire pa maola a ana

Mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa cha Shire suchita kufunsa. Ikamakwana 9 koloko m'mawa malata a kalasi amakhala atayamba kale kuthetheka, mbuzi zili phee pansi pa mitengo ya masau. Ndinaphunzitsa zaka zambiri pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi mathithi a Kapichira, ndipo ndikakumbukira miyezi yotenthayi, nkhope imene imandibwerera ndi ya mnyamata wina wa Sitandade 7 amene ankakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera. Dzina lake ndilisunga. Anali ndi zaka 15. Masamu ankawagwira msanga kuposa anzake onse, koma phunziro lachiwiri likangoyamba, mutu wake unkatsikira padesiki pang'onopang'ono mpaka cholembera kugwa m'manja.

Tsiku lina anzake atatuluka ndinamuimitsa pakhomo.

"Mwana wanga, ukudwala kodi?"

Anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikukanda simenti. Zidendene zake zinali ming'alu yokhayokha.

"Ayi aphunzitsi. Ndimagona kukhola."

Ankabusa ng'ombe za bambo wina wa m'mudzi woyandikana ndi kwawo. Ankazitulutsa kusanache kuti zidye udzu wa mame, n'kuzisiya ndi kamwana ka mwini ng'ombe nthawi ya sukulu ikakwana. Akaweruka ankathamangira kudambo osadya kanthu, n'kuziperekeza kukamwa ku Shire, maso ali pamadzi kuopa ng'ona. Dzuwa likalowa ankazitsekera, ndipo usiku ankagona m'kachisakasa pambali pa khola, khutu lili kunja kuopa akuba. Madzulo a tsikulo ndinatenga choko n'kuwerengera pabolodi. Maola 2 m'mawa ndi maola 5 masana, masiku asanu, ndi maola 35. Loweruka ndi Lamulungu maola 12 tsiku lililonse, ndi maola 24. Onse pamodzi maola 59 pa sabata, osawerengera ulonda wa usiku. Munthu wamkulu wolembedwa ntchito pakampani lamulo limamuikira malire a maola 48.

Loweruka lotsatira ndinapita kwa mwini ng'ombe uja. Sanali munthu wankhanza. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando pamthunzi, mayi akunyumba n'kubweretsa thobwa. Nditafotokoza chimene ndinabwerera, anadabwa kuchokera pansi pa mtima.

"Aphunzitsi, mwanayutu ndikumuthandiza. Kwawo kulibe chakudya. Pano amadya kawiri patsiku, ndipo chaka chikatha ndimupatsa mbuzi. Nanga ng'ombe zimadziwa Lamulungu?"

Mawu amenewo ndakhala nawo mpaka lero, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Amene amatopetsa ana athu ndi ntchito kawirikawiri si zigawenga zochokera kutali. Ndi anansi athu, anthu amene timapemphera nawo, amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuchita chifundo, ndipo sanamvepo n'kamodzi komwe kuti pali lamulo lonena maola amene mwana angagwire ntchito. Ndikulemba kuti ndinene chinthu chimodzi: mwana wa zaka 14 mpaka 17 akhoza kugwira ntchito, koma ntchitoyo ikhale ndi nthawi yoyambira ndi nthawi yoweruka, ndipo malirewo tiwaike ife eni chigwa tsopano lino, madzi a ngalande ya ku Kapichira asanafike m'minda.

Sindikudana ndi ntchito ayi. Inenso ndinakula ndikutola thonje ndi kupirikitsa mbalame m'munda wa mapira, ndipo khasu ndinaliphunzira ndisanaphunzire kulemba dzina langa. M'mera mpoyamba. Mwana amene sanagwirepo mpini akali wamng'ono amavutika akakula. Chigwa chino chili ndi mbiri yakeyake ya ntchito za achinyamata. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, amene anafufuza za ntchito m'chigwa chino kuyambira 1859 mpaka 1960, analemba za magulu a anyamata ndi atsikana otchedwa nomi, amene ankagwira ganyu pamodzi m'minda ya thonje. Anali ndi atsogoleri awoawo, ndipo ankapita kumunda ngati gulu. Mwana sankaima yekha pamaso pa mwini munda.

Lero mwana waganyu ali yekhayekha. Amakambirana mtengo yekha, kapena amamukambirira ndi amalume ake, ndipo ndalama zimalowa m'thumba lina. Akadwala palibe womulowa m'malo. Akadandaula amauzidwa kuti pali ana ena khumi amene akufuna ntchito yomweyo. Ntchito imene ndinaphunzira kwa bambo anga inkatha iwo akaona kuti ndatopa, chifukwa anali bambo anga. Ntchito ya kwa eni imatha pamene mwini wake wakhutira. Kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti pafunike lamulo.

Ndipo lamulolo lilipo kale. Lamulo la za ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, m'munda ngakhale pakampani. Kwa wa zaka 14 mpaka 18, limaletsa ntchito iliyonse imene ingawononge thanzi lake, chitetezo chake, khalidwe lake kapena kumulepheretsa sukulu. Limalamulanso aliyense wolemba ntchito munthu wosakwana zaka 18 kuti akhale ndi kaundula wa ana oterowo, ndipo wophwanya zimenezi akhoza kukhala kundende zaka 5. Mu 1999 dziko lathu linavomereza mapangano awiri a bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, wa nambala 138 wonena za msinkhu woyambira ntchito ndi wa nambala 182 woletsa ntchito zoopsa kwambiri kwa ana. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa kuti ndi mwana.

Koma lamulo limene ndikufuna kuti nyakwawa iliyonse ilidziwe pamtima ndi la mu 2012, loletsa ntchito zoopsa kwa ana, chifukwa ndi limene lili ndi manambala. Limati wosakwana zaka 18 asagwire ntchito maola oposa 40 pa sabata. Ngati ali pasukulu, asapitirire maola 20 pa sabata nthawi ya teremu, ndipo pa tsiku la sukulu limene mawa lake kulinso sukulu asapitirire maola 3. Limaletsa ntchito ya usiku, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 5 koloko m'mawa. Limaletsa kumusenzetsa katundu wolemera woti n'kumupweteka, ndiponso kumugwiritsa mankhwala ophera tizilombo m'minda. Limaletsanso kumugwiritsa ntchito pamalo otentha kupitirira madigiri 30. Mnyamata wanga uja ankagwira maola 59 pamene lamulo likuti 20, ankalondera usiku, ndipo masana onse anali padzuwa. Malamulo atatu ankathyoledwa pamsana pake tsiku lililonse, iye osadziwa, mwini ng'ombe osadziwa.

Sali yekha. Kafukufuku wa boma wa mu 2015, amene inachita ofesi ya National Statistical Office, anapeza kuti ana 38 pa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 m'dziko muno anali pa ntchito zosayenera msinkhu wawo. Amenewo ndi ana oposa 2 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo, 72 pa 100 alionse, anali pa ntchito zaulimi. Tikamva ziwerengero zimenezi timathamangira kuganiza za minda ya fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji. Koma yendani m'mawa kuchokera ku Kapichira kutsikira ku boma la Chikwawa, mupitirire ku Dyeratu, ku Nchalo mpaka ku Ngabu, maso ali tcheru. Mudzaona mnyamata akukankha njinga ya matumba atatu a makala, wina akuponda dothi la njerwa, wina akuwola mchenga mumtsinje kupakira m'ngolo, wina wabereka sipuleya kumsana m'munda wa thonje, mankhwala akudontha pamalaya, pakamwa popanda chophimba.

Nkhani ya madigiri 30 ija ndiyofunika kuimapo, chifukwa ndi imene imasiyanitsa chigwa chathu ndi madera ena. Ku Dedza kapena ku Mzuzu masiku opitirira madigiri 30 ndi owerengeka. Kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira. Ena amva zimenezi n'kunena kuti lamulolo silingagwire ntchito kuchigwa, tingolisiya. Ine ndikuti kuchigwa kuno ndi kumene likufunika koposa. Munthu akamalima padzuwa lotere, thupi limataya madzi ndi mchere kudzera m'thukuta. Mutu umayamba kupweteka, chizungulire chimabwera, mkodzo umachepa n'kuda, ndipo akapanda kupuma amakomoka. Wamkulu amadziwa zizindikirozi, amaponya khasu pansi n'kukakhala pamthunzi. Mwana waganyu amaopa kuoneka waulesi, amaopa kudulidwa ndalama, ndiye amangolimbikira mpaka maso achite mdima.

Zimenezi zikamachitika tsiku ndi tsiku, impso zimavulala mwakachetechete. Ku Nicaragua, m'tauni ya Chichigalpa, ndi m'maiko ena a ku Central America, amuna zikwizikwi odula nzimbe afa ndi matenda a impso, ambiri akali anyamata, ndipo ofufuza akuloza chala kutentha ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Kumeneko anaphunzira mochedwa kuti njira yopewera matendawa ndi zinthu zitatu zosavuta: madzi akumwa okwanira, kupuma pafupipafupi, ndi mthunzi. Dziko la Qatar kuyambira mu 2021 limaletsa ntchito zapanja kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana m'miyezi yotentha, ndipo amene akutetezedwa kumeneko ndi anthu akuluakulu. Agogo athu sanadikire lamulo kuti adziwe zimenezi. Ankalawirira kumunda m'mbandakucha, dzuwa likafika pamutu ali kale pakhonde, n'kubwereranso madzulo kukazizira. Nzeru imeneyi tinaisiya pamene ntchito inayamba kuyezedwa ndi ndalama ya mwini munda.

Ganyu wakumunda sawerenga maola, amawerenga ndime. Mwini munda amayeza ndi mapazi kapena kuwerenga mizere, n'kunena mtengo. Ndime imene bambo wamphamvu amaimaliza 10 koloko, mwana wa zaka 14 amaimaliza 2 koloko masana, nthawi imene dzuwa limaswa mtengo. Mwini munda amati, "Ine sindinamuuze kuti akhale mpaka masana, ndi iyeyo wochedwa." Komatu amene anayeza ndime ya munthu wamkulu n'kupatsa mwana ndi yemweyo. Tikamakamba za maola a ana kumudzi, tikambenso za kukula kwa ndime. Mwana apatsidwe ndime yoti n'kuimaliza dzuwa lisanakwere, ndipo mtengo wa mzere umodzi ukhale wofanana ndi wa wamkulu, chifukwa mzere wolimidwa ndi mwana subereka chimanga chochepa.

Ana aakazi vuto lawo limabisika kuseri kwa chitseko. Lamulo la 2000 lija, poletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 14, linapatula ntchito za m'nyumba. Cholinga chinali choti mwana azitha kuthandiza makolo ake, koma mpata umenewu ndi umene amalowerapo anthu otenga ana kumudzi. Mayi wovala bwino amatsika basi kuchokera ku Blantyre, n'kuuza m'bale wake kuti, "Mundipatse mtsikanayu, ndikamuphunzitsa." Kumeneko mtsikana amadzuka 4 koloko kukoleza mbaula, amasambitsa ana a eni, amachapa, amaphika, ndipo amagona womaliza. Sukulu ija imakhala ya chaka chamawa, chaka chamawacho osafika. Enanso timawaona usiku pamsewu wa M1, pa Thabwa ndi pa Dyeratu, mbale ya malonda ili pamutu, akuthamangira mawindo a magalimoto nthawi imene lamulo likuti mwana akhale ali kunyumba. Zimene amakumana nazo mumdimamo tonse timazidziwa, ndipo mimba ikaoneka timadzudzula mwana yemweyo. Mpata umenewu aphungu athu autseke: kuthandiza pakhomo pa makolo ako ndi kwina, kutumikira pakhomo pa eni ndi ntchito, ngakhale mwini khomoyo akhale azakhali.

Nanga n'chifukwa chiyani lamulo labwino chonchi silifika kukhola la ng'ombe? Chifukwa lamulo lilibe miyendo, limayenda ndi anthu. Ku Britain, aphungu anakhazikitsa malamulo oteteza ana m'mafakitale a nsalu kangapo konse, koma eni mafakitale sankawalabadira. Zinthu zinayamba kusintha ndi lamulo la mu 1833, limene linaletsa ana osakwana zaka 9 kugwira ntchito m'mafakitalemo, n'kuika malire a maola 48 pa sabata kwa ana ochepera zaka 13. Chachilendo m'lamulolo chinali chakuti boma linalemba anthu anayi oti aziyendera mafakitale, ndi mphamvu zolowa m'fakitale iliyonse. Anali ochepa, koma eni mafakitale anadziwa kuti tsiku lina munthu adzagogoda. Kwathu kuno alangizi a zantchito amakhala kuboma, pamene ana ogwira ntchito amwazikana m'madimba, m'madambo ndi m'makhitchini kuyambira kwa Chapananga mpaka ku Marka. Ngakhale boma litawapatsa njinga zamoto ndi mafuta okwanira, ndipo liyenera kutero, sangafike pakhola lililonse. Amene amadziwa mwana aliyense wogona kukhola ndi nyakwawa, mphunzitsi wa kalasi, ndi amayi a pamjigo.

Tisadikire kuti atiphunzitse ndi alendo. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi aziimitsidwa pamadoko ake chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana m'minda. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa dongosolo la matenanti, limene linkakokera banja lonse, ndi ana omwe, m'munda wa bwana. Zimene anthu akhala akudandaula kwa zaka zambiri zinamveka msanga pamene msika unagwedezeka. Ife a kuchigwa timalima nzimbe, thonje, chitowe ndi nandolo, mbewu zimene zimapita kunja. Ogula a masiku ano amafunsa amene anakolola.

Apa ndi pamene ikubwera nkhani ya ngalande. Aliyense wa kuno akudziwa kufunika kwa Kapichira. Pamene namondwe Ana anagumula damu la magetsi la pamenepo mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi, ndipo magetsi anavuta kwa nthawi yoposa chaka. Kuchokera padamu lomwelo, ngalande yaikulu ya pulogalamu ya Shire Valley Transformation Programme, yothandizidwa ndi World Bank ndi African Development Bank, ikudutsa m'nkhalango ya Majete kutsikira kuchigwa, ndipo cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Alimi akuphatikiza minda yawo m'makopaletivi kuti azilima mbewu zamalonda. Ine ndikuiyembekezera ngalandeyi ndi mtima wonse. Takhala pakati pa chilala ndi madzi osefukira kwa nthawi yaitali, 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, ndipo tatopa kudikira chimanga cha thandizo.

Koma walira mvula walira matope. Ulimi wodalira mvula uli ndi nyengo: kulima, kupalira, kukolola, kenako khasu limapachikidwa. Ulimi wamthirira ulibe chilimwe. Kubzala, kupalira, kupopera ndi kukolola zidzatsatana chaka chonse, mu Okutobala momwe, ndiponso m'miyezi imene ana a Sitandade 8 amakonzekera mayeso. Madzi a m'ngalande amabwera mosinthana, ndipo ndime ya wina ikadzagwera usiku, adzatumidwa kukatsegula madzi ndani? Manja ambiri adzafunika, ndipo manja otsika mtengo, osadziwa kukana, ndi a ana. Makopaletivi akulemba malamulo awo panopa. Ino ndiyo nthawi yoikamo ndime ya maola a ana, chizolowezi chisanamere mizu. Madzi akatayika saoleka.

Ndikudziwa chimene makolo ambiri angandiyankhe, chifukwa mayi wa mnyamata uja anandiyankha kale. Ndinawapeza akupeta mapira ochepa m'lichero, ana ang'ono atatu atawazungulira. Bambo wa anawo anali atamwalira.

"Aphunzitsi, inu mumalandira kumapeto kwa mwezi. Mwanayu akasiya ng'ombezo, awa adya chiyani?"

Funso limenelo silochepa, ndipo aliyense wolankhula za ntchito za ana asanaliyankhe akungotaya mawu. N'chifukwa chake sindikunena kuti mwana wa zaka 15 achotsedwe paganyu. Kumuletseratu n'kumukankhira ku ntchito zobisika, zoopsa kuposa zoyambazo. Ndikunena kuti agwire maola 20 m'malo mwa 59, agone m'nyumba m'malo mwa kukhola, ndipo alipidwe ndalama yodziwika mwezi ndi mwezi m'malo mwa lonjezo la mbuzi. Munthu wa ng'ombe 30 sangalephere kulemba mlonda wamkulu wa usiku. Amasankha mwana chifukwa mwana ndi wotchipa, ndipo kutchipako amalipira ndi mwanayo: tulo take, sukulu yake, impso zake. Komanso mwana akamagwira ntchito ya wamkulu pamtengo wa mwana, amalanda ganyu amene akanapeza amalume ake, ndipo mtengo wa ganyu umatsika m'mudzi monse. Umphawi umene tikuti tikuuthawa timakhala tikuuthirira.

Mbali ina ya yankho ili m'manja mwa boma. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayamba ku Mchinji mu 2006, imaonjezera ndalama kwa banja limene ana ake ali pasukulu, ndipo mabanja ngati a mayi aja ndi amene ayenera kukhala oyamba m'kaundula. Phala la kusukulu ndinaliona ndi maso anga likubweza ana m'kalasi m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zili mbee. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 likuti ndi yokakamiza. Koma mwana wanjala ndi watulo, ngakhale akhale m'kalasi, sakuphunzira.

Mbali yotsalayo ndi yathu, ndipo sifuna ndalama za azungu. Mafumu athu, kuyambira kwa Gogo Chalo Lundu mpaka nyakwawa ya mudzi wa nyumba 20, aonetsa kale kuti malamulo a m'mudzi amagwira ntchito pa nkhani ya maukwati a ana. Mphamvu yomweyo igwire pa maola a ntchito. Aliyense wolemba ntchito mwana wa zaka 14 mpaka 17, kaya ndi yobusa, yoweza, youmba njerwa kapena ya m'nyumba, akaonekere kwa nyakwawa pamodzi ndi kholo la mwanayo. M'kope la amfumu mulembedwe dzina, zaka, mtundu wa ntchito, nthawi yoyamba, nthawi yoweruka, tsiku lopuma ndi malipiro. Ameneyu ndiye kaundula amene lamulo la 2000 likufuna, kungoti wafika pamene anthu ali. Mwana wotengedwa kupita kutauni alembedwenso chimodzimodzi, ndi dzina la sukulu imene akukalowa, ndipo teremu ikatha lipoti lake lifike kumudzi.

Pabwalo la mfumu pagwirizanidwe zinthu zosavuta kukumbukira. M'miyezi yotentha, mwana asapezeke m'munda waganyu kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Pamalo pantchito pakhale chigubu cha madzi abwino ndi mthunzi. Sipuleya isakwere pamsana pa mwana. Dzuwa likalowa mwana akhale kwawo, osati kukhola, pamsewu kapena pangalande. Tsiku limodzi pa sabata apume, monga lamulo limanenera kwa wantchito aliyense, ndipo ng'ombe tsiku limenelo azibuse mwini wake. Makopaletivi a mthirira alembe zomwezi m'malamulo awo, ndipo membala wophwanya alipe chindapusa kugulu monga amalipira akaba madzi a mnzake.

Aphunzitsi anzanga, kaundula wa m'kalasi ndi chida chachikulu chimene tili nacho. Mwana akajomba Lolemba lililonse, kapena akamagona m'kalasi tsiku ndi tsiku, tisathamangire kumupatsa chibalo chosesa bwalo. Timufunse kumene anagona. Tiuze komiti ya sukulu ndi gulu la amayi, apite kukacheza ndi banjalo ngati abale, osati ngati apolisi. Zikakanika, ofesi ya zantchito ndi ya zachisamaliro cha anthu zilipo kuboma, ndipo nambala yaulere ya 116 ndi yothandiza ana. Abusa a mipingo ndi mashehe, anthu olemba ana ntchito amakhala kutsogolo kwanu sabata iliyonse. Ambiri a iwo, ngati bambo wa ng'ombe uja, akanasintha akanangouzidwa ndi munthu amene amamulemekeza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mnyamata uja sanafike Sitandade 8. Bambo wa ng'ombe anavomera kumuchotsa pa ulonda wa usiku, koma patatha masabata atatu m'mudzi wina munabedwa ng'ombe, ndipo mwanayo anabwezedwa kukachisakasa. Panalibe kope la amfumu, panalibe pangano la pabwalo, panali mawu a mphunzitsi mmodzi basi, ndipo mawu a munthu mmodzi amauluka ndi mphepo. Teremu yachiwiri malo ake pafupi ndi zenera anali opanda munthu.

Ndinadzakumana naye patapita zaka, pa Dyeratu, akupalasa kabaza. Anandizindikira ndisanamuzindikire, anatsika panjinga n'kundipatsa moni ndi manja awiri. Anandinyamula mpaka kuboma, ndipo panjira ndinamufunsa ngati amakumbukira masiku a ng'ombe aja. Anapalasa kanthawi osayankha, thukuta likutsika m'khosi.

"Aphunzitsi, ntchito ija sindinkaikana ayi," anatero. "Ndinkangofuna tulo."

Sanapemphe zambiri. Lamulo la dziko lake linali litamupatsa kale zimene ankafunazo, koma panalibe wolinyamula kuchoka ku Lilongwe kukalifikitsa pakhola. Ngalande ija ikutsika kuchokera ku Kapichira, ndipo ana amene adzapalire minda yake ali m'Sitandade 3 ndi 4 lero. Pamsonkhano wotsatira wa m'mudzi mwanu, wa kopaletivi kapena wa komiti ya sukulu, imirirani mufunse kuti mwana waganyu m'mudzi muno amaweruka nthawi yanji, ndipo musakhale pansi mpaka yankho lake litalembedwa m'kope la amfumu.